Inali Nthawi ya Joaquina Kusuntha

Lolemba, 8 de Julho

Tameta dzulo. Mutu ukuzizira, chisanu cha Tsangano chilibe ulemu. Alamu anga a Caetano akuti Loweruka la sabata yamawa andisudzula, ndibwerere kwathu ku Chidzolomondo. Katundu wa malemu mkazi wanga Joaquina agawana abale ake. Bolodi ya shadrezi, tchesi ija, nayonso. Masewero athu omaliza akadali pomwepo, osatha. Inali nthawi ya Joaquina kusuntha. Ndikufuna ndiwamalize.

Lachinayi, 11

Tânia wandiikira pulogalamu ya shadrezi m'telefoni asanabwerere ku Tete. "Papá, isewere m'malo mwa amayi." Mbatatesi sizinakumbidwe. Mabuku ndaika m'thumba la feteleza.

Pulogalamu ija ndayamba ndayiyesa pa masewero atsopano, mlingo wapamwamba. Yandidya. Siganiza, siyembekeza, sinyada. Ikumanga pang'onopang'ono mpaka usowe popumira. Ndinawerenga kuti ngakhale akatswiri a dziko lonse anasiya kulimbana nayo. Joaquina ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya akamanditchera msampha.

Loweruka, 13

Mlingo wapansi. Imasewera bwino, kenaka n'kungotaya mfumukazi popanda chifukwa. Munthu salakwa choncho. Munthu amalakwa chifukwa cha mantha, kapena dyera. Iyi ikulakwa chifukwa yauzidwa.

Pali ina yolusa, yoponya akavalo kutsogolo. Pali ina yamantha, yotsekera mfumu m'khola. Ndayesa zonse. Palibe iye.

Lachitatu, 17

Sindinadye. A Caetano anabwera kudzayeza tebulo ndi dzanja. Anafunsa ngati tizidole ta pabolodi timeneti ana angaseweretse. Ndinati inde. Si anthu oipa.

Lachisanu, 19

Mawa. Ndalowetsa masewero athu m'telefoni, chidole chilichonse pamalo pake, mlingo wapamwamba. Yayankha ndisanachotse chala. Kavalo adye mlonda wa mfumu yanga, ine ndilibe kothawira, masewero atha. Ndayesa mlingo wapakati. Kavalo yemweyo. Ngakhale yamantha ija yaona.

Chinthu chapoyera chotere Joaquina sakanachiphonya. Ndiye anandiphunzitsa msampha umenewu tili achinyamata. Sabata yonse tisanapite naye kuchipatala ankakhala patebulopa, atafunda bulangete, kuyang'ana bolodi, ine n'kumamufulumiza. "Musandithamangitse, bambo a Tânia. Ndikuganizabe."

Ndazimitsa telefoni. Kavalo ndamugwira, ndamusiya pomwe anali. Kunja ana a a Caetano afika kale ndi katoni, ndipo…