Hosiradishi wa Mayi Halina

Lachiwiri pambuyo pa Pasaka, Wigston, ku England. Tsiku loipa, mtima ukundiwawabe.

Mayi Halina, a ku Poland, amene ndimawasamalira kunyumba ya okalamba, akhala akukana chakudya. Sabata yatha anandigwira dzanja n'kunena kuti kwawo Pasaka sadutsa popanda hosiradishi, muzu woyera uja wolasa m'mphuno. Sankafuna wa m'botolo wokhala ndi kirimu, umene Angerezi amadyera nyama ya ng'ombe. Ankafuna wopala pamanja, wosakaniza ndi bitiruti ndi viniga. Ndinaugula, ndinaupala kunyumba kwanga misozi ili chuchuchu. Lamulungu Mayi Halina anaudya pamodzi ndi dzira lonse ndi soseji, akuseka.

Chikondi, mnzanga wa kuntchito, analipo. Analawa n'kufuula kuti, "Achemwali, izi zaposa kambuzi!" Chikondi yemweyo amene ankagona pa sofa yanga atangofika kuchokera ku Zomba.

Lero manejala wandiitana. Akuti ndinabweretsa chakudya cha kunyumba popanda chilolezo, ndiye andichotsa kwa Mayi Halina mpaka atafufuza. Ndafunsa kuti wanena ndani, wakana kundiuza. Potuluka ndam'peza Chikondi pakhomo, maso ali pansi.

"Ndimaopa za viza yanga, achemwali," watero. "Nanga akanadwala?"

Mantha amenewo ndikuwadziwa, nanenso ndili nawo. Koma akanandiuza ine kaye, m'Chichewa, tili awiri.

Poweruka ndamva Mayi Halina akuitana dzina langa m'chipinda mwawo. Sindinalowe, andiletsa.

Mawa m'mawa ine ndi Chikondi tikwera basi imodzi, ndipo sindikudziwa kuti maso ndikawaloza kuti.