Ndege Yanga Imene Sinakhaleko

Lachiwiri, 4 Malichi
Kandege katha. Miyezi isanu, zala zonse guluu. Ndege yeniyeniyo, ya nthawi ya nkhondo, inkanyamuka pamtunda pokha. Ine ndaipanga mmene ikanakhalira akanaifuna pa sitima yonyamula ndege: mapiko opindika, miyendo yokhuthala, ngowe kumchira yokola chingwe potera. Timahinjesi ta mapiko ndadula pachitini cha mkaka. Mayi a kunyumba akuti tebulo lawo lodyera libwerere.

Lachinayi, 6 Malichi
Ku kalabu yathu ya opanga tindege. A Wapampando anangoyang'ana kamodzi. "Chithunzi chake chili kuti, achimwene?" Lamulo lawo: kandege kalikonse kolowa mpikisano kabwere ndi chithunzi cha ndege yeniyeni. Ndinati sinakhaleko, n'chifukwa chake ndaipanga. Akuti ndiye ndi chidole. Chidole! Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili mu kalabu imeneyi. Wonena zimenezi ndi munthu woti penti yake imachucha. Mtima ukuwira mpaka pano.

Lamlungu, 9 Malichi
Akufuna chithunzi, achipeza. Thabwa lopaka penti yotuwa ngati sitima pamwamba pa beseni, kandege pathabwapo, madzi pang'ono, kujambula nditagona chafufumimba pakhonde. Ndachapitsa chopanda mtundu, ndadula m'mbali, ndaviika mu tiyi, ndasita kuti chioneke chakale. Mayi a kunyumba: "Nkhalamba yonseyi kunama chifukwa cha pulasitiki."

Lachinayi, 13 Malichi
Ndinawauza a Wapampando kuti ndinalakwitsa, inaliko, onani chithunzi. Ndimadikira kuti andigwire, tikangane bwinobwino. Ayi ndithu. Anavala magalasi, n'kugwedeza mutu. "Eya, iyi ndikuikumbuka, ndinaiwerenga penapake." Kalowa mpikisano.

Loweruka, 22 Malichi
Nambala wani. Chikho chili pa kabati, sindikufuna n'kuchiona komwe.
Pakhadi alemba kuti ndatsanzira ndege yeniyeni mosaphonya. Kutsanzira ndani? A Wapampando anaimirira pamaso pa anthu kufotokoza mbiri yake. Akuti zinapangidwa makumi anayi, ndipo oyendetsa ankadandaula ndi ngoweyo. Anayamikira mainjiniya a nthawi imeneyo chifukwa cha nzeru ya mapiko. Nzeru yanga, ya pachitini. Anthu m'manja. Ine ndili poteropo ngati mlendo pa ukwati wa mwana wanga.

Lachitatu, 26 Malichi
A Wapampando akufuna kuika chithunzi chija m'kabuku ka kalabu, pamodzi ndi nkhani yolemba iwowo. Ndikakhala chete, chikho ndi changa koma ndege ndi ya anthu akufa amene sanaiganizepo n'komwe. Ndikaulula, wobera mpikisano amachotsedwa, osabwereranso. Lamulolo ndinalemba nawo ndine.
Lachinayi lililonse ndizikhala kuti? Anzanga onse ali mmenemo.

Lachinayi, 27 Malichi
Ndapeza chithunzi choyamba, chosadula m'mbali. Mkombero wa beseni ukuoneka, ndi phazi la mayi a kunyumba pakona. Chili m'thumba la jekete. Chikho ndakulunga m'nyuzi, zonse ndikupita nazo ku kalabu.
Mayi a kunyumba andifunsa ngati andisungire chakudya. Ndati asunge, lero sindichedwa.