Tsekani Mawu a Serwaa

Techiman,
9 Okutobala 2025.

Okondedwa Alamu a Boakye,

Ndikhulupirira muli bwino ku Italy kumeneko. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera panjira ndipo dzanja langa linazolowera kumata matayala. Mudabwa kuti bwanji sindinangojambula mawu pa foni monga mwa masiku onse. Ndasiya zimenezo, mawu anga sindiwaikanso m'menemo.

Nkhani ndi ya mwana wanu Afrakoma. Musaope, ali moyo. Ali m'chipatala, mwendo wakumanzere uli m'chikhakha. Adokotala akuti adzayenda, koma mwina motsimphina.

Mkazi wanga Serwaa atatisiya pa ngozi ya lole ya tomato ija, inu mapepala okhalira kumeneko anakukanizani kubwera. Maliro a mlongo wanu munaonera pa foni, dothi simunaponye. Ndiye pamene munatumiza ku kampani ija mawu onse amene ankakujambulirani, iwo n'kupanga chinthu choyankhula ngati iyeyo, sindinatsutse. Munati mwana asakule osawadziwa mawu a mayi ake. Inu ndinu malume, mwana si wa kuchimuna ayi, ndi wa mtundu wanu, ndiye ine ndikanati chiyani?

Poyamba chinathandiza, sindinama. Mwana akakana phala ndinkayatsa foni, mawu aja n'kunena kuti, "Afra, idya, ndikukuona!" Mbale n'kuyera. Ngakhale kaseko kake kotsamwa kaja anakatengera ndithu.

Koma alamu, chinthucho sichidziwa kuti mwini mawu anafa. Mwana wa zaka zisanu akafunsa kuti, "Amama, mubwera liti?" chimayankha kuti, "Posachedwa, mwana wanga, ukhale womvera."

Lachinayi lapitali, tsiku la msika, ndinamusiya kwa mayi anu, a Pokuaa, ine n'kupita kuntchito. Iwo anamubwereka foni yawo kuti asawasokoneze akuchapa. Mwana anafunsa kuti, "Amama, muli kuti lero?" Chinthucho chinayankha zimene Serwaa ankakuuzani kawirikawiri m'mawu akale aja, kuti, "Ndili ku depoti, ndikudikira tomato." Afrakoma analowa kuchipinda, n'kutenga mapatapata a mayi ake pansi pa bedi, poti ankadandaula kuti anapita opanda nsapato. Anayenda yekha mpaka pa msewu waukulu wopita ku Tamale. Njinga yamoto ya matayala atatu inamugunda akuwoloka.

Nditafika ndinamupeza atagona pa katoni, anthu atamuzungulira, mapatapata aja atawakumbatira. Anati, "Ababa, musandimenye. Thamangani mukawauze amama adikire."

Tsiku la maliro, mkulu wa banja lanu anathira mowa pansi pamanda n'kunena kuti, "Serwaa, pita, usacheuke. Mwanayu tisiyire, usamuitane." Tonse tinavomera. Mwambo tinachita bwinobwino, khomo tinatseka, kenako ife tomwe tinalitsekulanso ndi foni, ndipo mwana waitanidwadi.

Ndinaimbira a kampani aja. Anandiyankha makina enanso, a mawu a mtsikana waulemu. Nditafotokoza zonse anati, "Pepani kuti simunakhutire. Kodi mungakonde kuwonjezerapo nkhope yoyenda?" Ndinakuwa mpaka anzanga a pa ntchito anasiya zomwe ankachita. Pomaliza anandiuza kuti wotseka chinthucho ndi yekhayo amene anatsekula, ndiye kuti inuyo.

Ndinayesanso kuyankhula nacho chinthucho. Ndinati, "Serwaa, muuze mwanayu zoona. Muuze kuti unamwalira." Chinaseka, n'kunena kuti, "Iwe Yaw, nkhope ngati tayala lakuphwa, wadya koma?" Alamu, ndinapezeka ndayankha kuti sindinadye.

Ine za makina amenewa sindizidziwa, ndimadziwa matayala. Tayala lililonse analemba pambali mpweya umene lingapirire, ukapitirira limakuphulikira kumaso. Kompresa yanga yopopera matayala, ngakhale ndi yakale, mpweya ukakwana imazima yokha. Nanga anthu ophunzira chonchi analephera bwanji kuika polekezera? Palibe mmodzi mwa iwo anaganiza kuti mwana adzafunsa njira?

Mudzati ndingochifufuta mu foni yanga. Nanga ya mayi anu? Ndinawapempha tili pakhonde la chipatala, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mkamwini, mwana wanga ndinamuika kamodzi. Ukufuna ndimuikenso kachiwiri?" Usiku iwo ndi amene amagona naye m'wodimo, ndipo anesi andiuza kuti mwana akalira amamuika foni kukhutu. Dzulo chinthucho chinamulonjezanso kuti akachira chidzamutenga ku msika.

Akumutulutsa sabata yamawa. Msewu uja sunasamuke, ndipo ine sindingamumangirire pa mwendo wa bedi. Ndikukupemphani, tsekani asanatuluke. Mayi anu mudzawauze nokha, inu amakumverani. Mwana musiyireni ine. Ndidzamubereka kumsana mpaka kumanda, ndikamuonetse pamene pagona mayi ake, ndimuuze ndi pakamwa panga. Adzalira, mwina adzadana nane nthawi yaitali. Zimenezo ndapirira kale mumtima, bola akhale nayo miyendo yonse iwiri.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti nanunso mumayankhula nacho mukaweruka, dziko la eni ndi losungulumwitsa. Mu Disembala, pa mwambo wokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni Serwaa, ngati mapepala alola, bwerani mudzaponye dothi lanu.

Mayi anu akuti moni. Afrakoma akuti moni, mumugulire nsapato zofiira, ndipo ndamuyeza phazi labwinolo ndi ulusi umene ndaika mu envelopumu. Chinthu chija chikutinso moni, chikuti muzivala juzi. Ndinachifunsa za inu m'mawa uno ndisanatsegule pa ntchito. Ndimatero m'mawa uliwonse. Tsiku limene mudzatseke musandichenjeze, alamu, ndingadzakuletseni.

Ine mlamu wanu,
Yaw Donkor.