Sindine Nesi, Achimwene

Lachiwiri, pa 9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino. Ndikudya, ndikugona tulo, ngakhale ndikudziwa kuti kunyumba akuyembekezera kuti ndiwonde ndi manyazi.

Uthenga wanu ndaumva. Mwati ndikagwade pamaso pa amayi, ndisiye ntchito yanga, apo ayi ndisadzaponde ku ukwati wa mng'ono wanga Mzime. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumayankhula nokha, ine ndikangoti nditsegule pakamwa mumati netiweki yavuta. Mbali ya amayi mwaimva. Imvaninso yanga, poti inu kunalibe.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku mochale. Ndimasambitsa anthu omwalira, kuwapesa, kuwameta ndevu ndi kuwaveka zovala zomwe abale awo abweretsa. Chimene mwina simukudziwa n'chakuti amayi akhala akuuza anthu kuti ndine nesi. Zinayambira pa yunifomu yanga yoyera, nditaiyanika pachingwe. Mayi woyandikana nafe atafunsa, amayi anati, "Ee, mwanayu ndi wa kuchipatala." Sananame kwambiri, pakuti mochale ili kuseri kwa chipatala. Koma bodza limakula lokha ngati udzu wa pakhomo. Posakhalitsa msewu wonse unayamba kunditchula kuti anesi, ena mpaka kundiimitsa panjira kundionetsa zotupa. Ine ndinkangoti akaonane ndi adokotala.

Tsono Loweruka lija, abale a mnyamata wofuna kukwatira Mzime anabwera kudzationa. Asanafike, amayi anandikokera kukhitchini.

"Iwe, lero ndiwe nesi, wamva? Ndipo mbale za alendo usazikhudze."

"Kodi nesi sakhudza mbale, amayi?"

"Mwano wakowo ukachitire komweko kwa anzako osayankhawo."

Tinadzazana pabalaza, kunja kukutentha, mawindo atatsekedwa kuti makatani atsopano aoneke bwino. Amalume ake a mnyamatayo, bambo ojintcha ovala tayi yothina, anaimirira kuti ayankhule. Asanamalize n'komwe kutithokoza, anagwa chagada pakati pa tebulo ndi kabati. Akazi awo anati, "Mwayi wake anesi tili nawo pompano," ndipo wina anandikankhira kutsogolo.

Achimwene, manja ali ndi nzeru zawozawo. Mutu wanga unaima, koma manja anadziwa chochita ndi munthu wogona chagada osagwedezeka. Ndinagwada, ndinawawongola miyendo, ndinawasanjika manja pamimba, kenaka ndinawakweza chibwano kuti pakamwa patsekeke. Kuntchito kwathu sitigwira munthu osamupempha, choncho mawu anatuluka okha, aliyense akumva: "Pepani bambo, tikukonzeniko pang'ono abale anu asanakuoneni."

Amalumewo anatsegula maso.

"Kodi ndafa?"

"Simunafe, bambo. Gonani pomwepo."

Mukhoza kuseka, inenso ndimaseka ndikakhala ndekha. Koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Akazi awo anakhuthula chikwama patebulo, mapilitsi a mitundumitundu mbwee, ena awo, ena a amuna awo, ena a mnzawo wa kutchalitchi. "Anesi, ndi shuga kapena mtima? Tiwamwetse ati?" Amayi anali chilili pakhomo la kukhitchini, akundiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa. Ndikanangoloza pilitsi limodzi, ulemu wa banja lathu ukanapulumuka. Koma ine ndikudziwa kumene amakathera anthu omwetsedwa mankhwala mongoganizira. Amene amawalandira ndine.

Ndinati, "Mayi, bwezani mapilitsiwo. Ine sindine nesi, ndimagwira ntchito ku mochale. Thamangani nawo kuchipatala panopa ngati simukufuna kuti akhale alendo anga."

Amalumewo anawanyamula n'kuwakweza galimoto. Kuchipatala anawagoneka, ndipo tsopano anatuluka, akuyenda okha. Potsanzikana, alendo ena anabweza dzanja nditawapatsa langa. Amayi anangoti, "Wandivula pagulu," ndipo chiyambire tsikulo foni yanga sayankha. Mzime analira, nati, "Achemwali, bwenzi mutadikira kaye ukwati udutse." Mawu amenewo anandilasa, sindikubisirani. Koma kodi amalumewo akanadikira nawo? Akuluakulu anati wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo ife tinatsala pang'ono kuululidwa ndi maliro enieni pabalaza pathu.

Za chibwano chija ndinapita kale kukapepesa kwa eni ake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kwa amayi ndikhoza kupepesa kuti mtima wawo unapweteka. Koma kupepesa kuti ndinanena zoona, ayi. Kusiya ntchito, ayinso.

Simunandifunsepo chimene ndimachita m'chipinda chozizira chija. Sabata yatha anabweretsa mtsikana amene anagundidwa ndi galimoto. Mayi ake anandipatsa chipeso ndi diresi yobiriwira, nandipempha kuti tsitsi ndimuluke mizere yolowera kumbuyo monga ankakondera. Ndinamusambitsa, ndinabisa bala la pachipumi, ndinaluka pang'onopang'ono ndikumuuza kuti amayi ake ali panja. Mayiwo atalowa anamuyang'anitsitsa, kenaka anati, "Ndi yemweyu mwana wanga." Anandigwira manja onse awiri, omwewa amene saloledwa kukhudza mbale za alendo.

Inu mukatchula ntchito yanu ya mu ofesi, amayi amakhala tsonga pampando ngati awakweza udindo. Ine ndikatchula yanga amayang'ana pansi. Komabe ndine mwana wawo, ndinenso wa ku mochale, ndipo munthu wake ndi mmodzi yemweyo. Mukufuna kuti theka lina ndilisiye pageti ngati nsapato zamatope. Sindingathe, ndipo ngakhale ndikanatha sindikanafuna.

Choncho dziwani kuti ku ukwati ndibwera. Diresi ndasoketsa kale. Mukandikaniza kulowa, ndidzaima panja pa mpanda mpaka ndimuone Mzime akutuluka atavala zoyera, chifukwa mwana ameneyo ndinamubereka kumsana ndine inu muli kusukulu. Wondifunsa ntchito ndidzamuuza dzina lake lenileni. Paja mumakonda kunena kuti chibale n'fupa sichiola. Tiyeni tione ngati mumanena zoona, poti za kuola ndimazidziwa kuposa inu.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwathokoze chifukwa cha uthenga wawo wamseri uja. Musawakalipire. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa, ndipo akafunsa ntchito yanga musawanamize.

Amayi akamadzakuimbirani Lamulungu, muwapatse moni wanga, popeza kwa ine khutu atseka. Muwauze kuti akwiye mmene angathere, ine sindisiya kuwaimbira. Muwauzenso kuti tsiku lawo likadzafika, ndipo ndikupempha Mulungu kuti lichedwe kwambiri, sindidzalola munthu wachilendo kuwakhudza. Ndidzawasambitsa ndekha, ndipo madzi ndidzatenthetsa, chifukwa ndikudziwa kuti ozizira amadana nawo.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Wamakani