Khasu la a Bernardo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Lusakako. Kuno ku Chipera tilipo, kungoti mwendo wa amayi wayambiranso kutupa.

Lamulungu lapitali titaweruka ku kapela, akulu a mpingo anatikhazika pansi kuti aliyense anene chimene chimamuwawa pamudzi pano. Anayankhula obwerera kuchokera ku Zambia, anayankhulanso otsala. Kenaka anaimirira a Bernardo, anzanu aja bambo awo anali Mputukezi wa kantina, sitolo ija.

Anati, "Pamaliro paliponse mumanditengera mpando, khasu osandipatsa. Amayi anga anagona m'manda omwewa. Kodi ndidzakhala mlendo mpaka liti?"

Achimwene, tinasowa poyang'ana. Ife zaka zonsezi tinkayesa tikuwalemekeza! A Tembo, aja amatsogolera adzukulu okumba manda, anati, "Tinkaopa kuti khungu lanulo silifuna dothi." A Bernardo anangotambasula manja, zikhato zili gwa ndi kulima ngati zathu zomwe.

Lachinayi tinaika mwana wa kwa a Phiri. A Bernardo analowa m'dzenje, anatulukamo ali mbuu, ndipo anadya mbale imodzi ndi adzukulu anzawo.

Pobwerera anandifunsa kuti, "Nanga mnzanga uja adzabwera kudzandikumbira?" Ankanena inu, achimwene, koma ngakhale ine mawu anu ndayamba kuwaiwala.

Tumizani mankhwala a amayi, koma chachikulu bwerani mvula isanatseke msewu. Mulungu akusungeni nonse. Funso la anzanu lija mudzayankhe nokha.

Ine mlongo wanu,
Marita