Bondo langa laphunzitsa mkono wa Warrick ulesi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58. Pa zaka 34 za ukwati wathu sindinamunamizepo mwamuna wanga, kupatula kumuuza kuti dazi likumukhala. Koma tsopano ndalakwa, ndalakwa ndi bondo, ndipo ndikusowa kolowera.

Mwamuna wanga Warrick anali wometa nkhosa wodziwika ku Wimmera konse kuno, munthu woti akaima pampanda ankaloza nkhosa yotsimphina pakati pa nkhosa chikwi. Zaka zinayi zapitazo njinga yamoto ya matayala anayi inamugubuduza pamtsetse n'kumuthyola khosi. Kuchokera m'mapewa kutsika m'munsi palibe chimagwedezeka. Pakamwa pokha ndi pamene panapulumuka, ndipo masiku ano pamagwira ntchito ya thupi lonse.

Chaka chatha madokotala ena a kafukufuku ku Melbourne anamuika kachipangizo m'mutu. Kamamva zimene ubongo ukufuna n'kuuza mkono wachitsulo womangirira pachikuku chake. Akaganiza zotambasula dzanja, mkonowo umatambasuka. Tsiku loyamba anagwetsa kapu kasanu ndi kawiri, kenako n'kuinyamula mpaka kukamwa. Ine ndinalira ngati mwana. Iye anangoti, "Basi, bweretsani nkhosa."

Atatilola kubwera nawo mkonowo kunyumba, Mayi Papadakis, amene amamuphunzitsa kuugwiritsa ntchito, anatipatsa lamulo: tsiku lililonse azitola kapu patebulo maulendo makumi atatu. Anafotokoza kuti kompyuta ya mkonowo imaphunzira yokha. Zala zikagwira kapu, imasunga kuti zimene zachitikazo ndiye zolondola, ndipo mawa imachitanso chimodzimodzi. Ndinamva ndithu. Ndinagwedezanso mutu.

Koma Aphungu, munamuonapo mwamuna wamkulu akutuluka thukuta chifukwa cha kapu yopanda kanthu? Mkono ukukwawa, mitsempha ya m'khosi ili gwa, maso ali pa zala zachitsulozo. Tebulo lake ndi la timatayala. Tsiku lina, kutatsala pang'ono kuti afike, bondo langa linangosendeza tebulolo pansipansi. Kapu inalowa m'dzanja.

"Waona, Nola?" anatero. "Ndani uja amati ndatha ntchito? Tamuimbira Des amve."

Des ndi mng'ono wake. Analankhulana ola lathunthu za kapu imodzi. Mawa lake ndinasendezanso. Papita miyezi itatu ndikusendeza.

Tsopano mkono uja waphunzira. Chilichonse chimene Warrick akufuna kutola, umanyamuka bwinobwino, n'kuima patatsala mpata wa zala zinayi, n'kutsegula dzanja, n'kumadikira. Sabata yatha ku Melbourne, patebulo lawo lokhomerera pansi, analephera maulendo onse makumi atatu. Mayi Papadakis anakanda mutu nati, "Kunyumba simuphonya, kuno ziro. Mwina kachipangizo kasuntha m'mutumo." Lachinayi likubwerali akamuunika. Akapanda kupeza chifukwa amuchotsa pa kafukufukuyu n'kutenga mkono wawo, ndipo ayamba kale kukamba zomutsegulanso mutu.

Pobwerera, titadutsa Ararat, Warrick anati, "Ndi mutu wangawu, Nola. Aphunzitsi ankanena kuti mulibe kanthu, lero a sayansi atsimikiza." Iye anaseka. Ine ndinangoyang'ana msewu.

Dzulo masana ndikumupukuta kukamwa, mkono unanyamuka kulunjika tsaya langa. Zaka zinayi sanandikhudzepo. Unaima patatsala zala zinayi, ndipo ine, chitsiru, ndinasendeza nkhope.

Ndikaulula, ndimulanda makapu onse aja amene wakhala akunyadira. Ndikakhala chete, amulanda mkono. Ndinenenso zoona, poti simundidziwa: pali kamtima kena mwa ine kamene kamafunsa kuti akadzayamba kumwa yekha tiyi, ine ndidzakhala wa chiyani? Ndithandizeni.

N.T., Horsham

Mayi N.T.,

Ndikuyamikeni kaye. Akatswiri anatha zaka zambiri kupanga mkono womvera ubongo, inu m'miyezi itatu mwauphunzitsa zimene amuna ambiri amaphunzira m'chaka choyamba cha ukwati, zoti ukatambasula dzanja n'kudikira, mkazi amalizitsa. Malinga ndi zimene mwalembazi, mkonowo ukuchita ndendende zimene unaphunzitsidwa.

Zokhala chete iwalani. Munthu sangatsegulidwe mutu chifukwa cha bondo la mkazi wake. Imbirani Mayi Papadakis lero lomwe, musadikire Lachinayi. Muwauze tsiku limene munayamba, ndi kuti simunadumphepo tsiku. Akukalipirani, ndipo mumve, chifukwa mwawasokonezera ntchito ya miyezi itatu. Koma ndikhulupirira mtima wawo ukhalanso pansi, poti kuphunzitsanso kompyuta sikufanana ndi opaleshoni. Zoti Warrick apitiriza kapena ayi anena ndi iwo, ine si dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti sangakonze chinthu chimene mukuwabisira.

Musanagwire foniyo, muuzeni Warrick mwini wakeyo. Ndipo musadabwe akapanda kudabwa. Mwalemba nokha kuti bamboyu ankaloza nkhosa yotsimphina pakati pa chikwi. Ndiye mukuti tebulo lakhala likuyenda pansi pa mphuno yake miyezi itatu iye osaliona? Ndikukayika. N'kutheka kuti m'nyumba mwanumo muli onama awiri, wina wa bondo, wina wa "Waona, Nola?" Ngati ankadziwa, ndiye kuti m'galimoto muja anasankha kunyoza mutu wake kusiyana ndi kukutchulani inu, ndipo mumuthokoze kenako mumukalipire, chifukwa nayenso anali wokonzeka kugona patebulo la madokotala kuti mkazi wake asachite manyazi. Ngati sankadziwa, akwiya. Mulekeni akwiye, musamusendezere chilichonse, ngakhale mawu.

Kenako tebulo la timatayala lipite kushedi. Gulani makapu apulasitiki. Ikakwana nthawi ya maulendo makumi atatu aja, inu tulukani m'nyumba, kathirireni tomato kapena kayendeni ndi galu. Abwere Des adzakhale naye. Ndimawadziwa ang'ono a anthu, kapu ikhoza kugwa tsiku lonse iye akungoseka.

Za kamtima kaja, si tchimo, ndipo si inu nokha. Zaka zinayi mwakhala manja ake, ndipo aliyense amachita mantha ntchito ikamaoneka ngati ikutha. Funsani kuchipatalako za gulu la anthu osamalira anzawo ovulala msana, mukalankhule zimenezi ndi anthu amene anazidutsa. Koma werengani bwino zaka zanu. Pa zaka 34 zija, makumi atatu Warrick ankamwa yekha tiyi, ndipo palibe anakuchotsani ntchito.

Pomaliza ndikuchenjezeni. Tebulo n'losavuta, mungolitulutsa basi. Povuta ndi pankhope panu. Mkonowo udzanyamukanso kulunjika tsaya lanu, udzaimanso patatsala zala zinayi, ndipo mwamuna wanu adzatuluka thukuta inu mukuona. Zingatenge mphindi khumi, zingatenge mwezi. Mtima udzakuuzani kuti musendere pang'ono chabe, palibe aone. Musasendere, mayi. Zala zinayi zimenezo ndi zake. Papita zaka zinayi akufuna kukukhudzani, mulekeni afike yekha.