Mbewa Zanga Zawala M'maso

Singapore

Okondedwa Bapak, bambo anga,

Landirani moni wanga, inu ndi Ibu, mayi anga. Muli bwanji kumeneko ku Klaten? Ine ndili bwino, kungoti tempe wa kuno, ndiwo yathu ya soya ija, safika pa wa Ibu.

Achimwene, Mas Darto, andiuza pa foni kuti ng'ala yakula m'maso mwanu moti tsiku lina munapatsa moni mtengo wa nthochi. Akuti kuchipatala mukukana, mukuti diso la nkhalamba linafa kale. Zandisowetsa mtendere, koma imvani kaye zanga.

Paja mumandiseka kuti inu mukupha makoswe m'munda wa mpunga, mwana wanu akulera mbewa m'tauni. Lero mlezi wa mbewa uja akuyenda mothimbwidzika.

Ntchito yathu ndi iyi. Timabaya kajakisoni m'diso la mbewa kuti retina, kachikopa ka mkati mwa diso kolandira kuwala, kayambe kupanga mankhwala obiriwira. Mankhwalawo amawala mchere wa kashiamu ukalowa m'maselo, chizindikiro choti maselowo akugwira ntchito. Kale tinkapha mbewa kuti tione ngati zatheka. Ine ndinalonjeza kuti ndizijambula diso la mbewa yamoyo, yomweyomweyo, sabata ndi sabata.

Koma ndinkati ndikaigonetsa ndi mankhwala n'kusuzumira m'diso mwake pa makina ojambulira, chifunga chokhachokha. Mnzanga Siew Ling ankanditonza kuti ndikujambula phala. Abwana athu, Dokotala Rajendran, anati mwezi ukatha zili choncho, tiphe mbewazo tiyambirenso.

Tsiku lina makina oziziritsa mpweya anawonongeka. Anzanga, kungotentha pang'ono, anadandaula ngati kwagwa maliro, onse ulendo kumalo odyera. Ine mwana wakumunda ndinatsala, thukuta lili kamukamu. Nditasuzumira m'diso la mbewa, timadontho tobiriwira mbwee, ngati ziphaniphani pamunda wathu! Ndinalira ndekha.

Kani mbewa yogonetsedwa ikazizidwa, diso lake limachita mtambo kwa kanthawi. Tinaphunzirapo zimenezi, koma pokonda kuzizira kwathu palibe anaganiza kuti chipinda chathu n'chimene chikuphimba masowo. Tsopano timaigoneka pa kamphasa kofunda n'kumainyowetsa m'diso, ndipo kuwalako kukuwonjezeka sabata iliyonse. Mbewa zanga zonse zili moyo, zikudya.

Abwana ataona chithunzi chimene ndinajambula tsiku lija, anati, "Ningrum, kumsonkhano wa akatswiri ukaimirira wekha, ntchitoyi ndi yako." Siew Ling anandigulira mpunga wa nkhuku, ati chindapusa cha pakamwa pake. Ndikunyada, sindibisa.

Pempho langa ndi limodzi. Mukatha kukolola, lolani Mas Darto akuperekezeni kuchipatala cha maso. Ng'ala yanu sichoka ndi kufunda ngati ya mbewa, koma madokotala amaichotsa. Kuseri kwa chifunga diso limatha kukhala lamoyo, ndaziona ndekha.

Chithunzi chija ndaika m'kalatamu. Mas Darto, inu amene mukuwerengera Bapak, ndime ino musailumphe: chithunzicho musawafotokozere, ngakhale akukakamizeni. Chisungeni m'kabati ya Ibu mpaka adzachione ndi maso awo.

Mundiperekere moni kwa Ibu, alamu anga, azakhali ndi adzukulu anu onse. Makoswe a m'munda okha musawapatse moni, amenewo si anga.

Ndine mwana wanu, mlezi wa mbewa,
Ningrum